Waya Wofiira m'Vani ya a Ndafika

Anthu okhala mumsewu umodzi ndi a Ndafika analeka kalekale kutchera mawotchi. Vani ndiyo inkawadzutsa. Kunja kukangoyamba kuyera, inkayamba kukhosomola ngati nkhalamba ya chifuwa, kenako n'kutulutsa utsi wonunkha dizilo umene unkalowa m'mazenera a eni ake osaodira. Ikakana kulira, munkamva mayi a kunyumba kwa a Ndafika akugogoda pazitseko za aneba kupempha manja okankha, ndipo amuna a eni ake ankatuluka atakwinya nkhope, tulo tili m'maso.

Dzina loti Ndafika anawapatsa ndi eni magolosale amene ankawaperekera buledi. Ukawaimbira foni kufunsa kuti buledi ali pati, yankho linali limodzi: "Ndafika, ndafika!" pamene munthuyo ali chagada pansi pa galimoto kutsidya lina la tawuni. Sanali munthu woipa mtima ayi. Matenda awo anali oopa kukhumudwitsa munthu, moti pakamwa pawo pankangotuluka mawu amene womverayo akufuna kumva.

Vaniyo anaigula yogwirapo kale ntchito, ndi ndalama zimene analandira popuma pantchito yoyendetsa malole a kampani. Imvi zonse zinawamerera atagwira chiwongolero cha eni ake. Tsiku limene anaibweretsa pakhomo anaizungulira akuisisita, n'kuuza akazi awo kuti, "Mayi, kiyi wa munthu wina sindidzamugwiranso mpaka kufa." Mwayi unawatsatira. Mayi wina, mwini bekale, anawapatsa ntchito yogawa buledi m'magolosale m'mawa uliwonse, ndipo pakhomo ponse pankadya ntchito imeneyi. Lamulo la mayiyo linali limodzi lokha, loti buledi azifika anthu asanamwe tiyi.

Koma galimoto yakale ya dizilo ndi mwana wodwaladwala. Mwezi woyamba anafa ndi mapulagi otenthetsa injini m'mawa. Atangosintha amenewo, kilatchi inayamba kuterera pachitunda, injini kumangolira galimoto osapita. Kilatchi itachira, fyuluta ya mafuta inatsekeka ndi zinyalala. Kenako manozo opopera mafuta anayamba kulavula utsi wakuda, dizilo n'kumatha ngati thanki yabooka. Ndalama ikalowa thumba lakumanja inkatulukira lakumanzere isanafunde n'komwe. A Ndafika anazolowera kufika kunyumba zikhadabo zili bii.

Amakaniko awo anali awiri, ndipo nkhani yathu yagona pamenepa.

Woyamba anali alamu awo, achimwene awo a mayi a kunyumba. Iwowa ankagwirira ntchito m'kashedi ka malata kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi womata matayala. Zida zawo zinali masipanala ochepa, pulayala, ndi chitini chachikulu chodzaza mabawuti, mawaya ndi tizitsulo tozula m'magalimoto akufa. Manja anali nawo, pamenepo tisawanamizire, koma kakonzedwe kawo kanali kongofuna kuti galimoto ione mawa. Kwa a Ndafika sankatchula mtengo. "Galimoto ya mlongo wanga ndi yanga, alamu. Mungondigulira sopo," ankatero, ndipo ankanyadira msika wonse kuti vani ya bulediyo ikuyenda chifukwa cha iwo.

Wachiwiri anali mkulu wina wa galaja yasimenti pansi, yokhala ndi dzenje lolowera kunsi kwa galimoto. Anthu ankangowatcha a Magalasi, chifukwa ankayang'ana munthu pamwamba pa magalasi awo ngati akumuzenga mlandu. Ntchito yawo inali yosabwereza, koma mtengo wake unkaumitsa malovu. Analinso ndi lamulo limene ankauza aliyense tsiku loyamba: "Galimoto imene ndikuisamala ine, wina asaigwire. Ikagwiridwa, ipitirire konko. Sindingasenze machimo a anzanga."

Munthu wina akanasankha kumodzi n'kupirira zakumeneko. A Ndafika anafuna zonse, kutchipa kwa alamu ndi luso la a Magalasi. Zing'onozing'ono ankapita nazo kuseri kwa msika, zoopsa ankazembera nazo kugalaja. Popita kwa a Magalasi ankayamba apukuta injini ndi chisanza, kufafaniza zala za alamu. Pobwera kunyumba ankauza akazi awo kuti achedwa pamzere wa dizilo, poopa kuti nkhani ingafike kwa achimwene awo. Moyo wotere ndi wotopetsa, abale, munthu wamkulu kumazemba ndi galimoto yako yomwe ngati waiba.

Tsiku lina a Magalasi akusintha oyilo, anatuluka m'dzenje muja akupukusa mutu.

"Bambo, pampu ya madzi yayamba kudontha. Taonani chinyezi ichi. Ifunika ina, ndipo poti tikhala titatsegula kale, tisinthiretu lamba wa taimingi. Kutsegula kawiri n'kulipira kawiri."

Atatchula mtengo, a Ndafika anakhala pa tayala lakale limene linali pafupi. Linali phindu la mwezi wathunthu, pakhomo asanadye.

"Sizingadikire, akuluakulu?"

"Zingadikire pang'ono, koma vuto ndi ili. Kasingano koonetsa kutentha kwa injini padashibodi yanuyi kanafa kalekale. Madzi akakutherani pamsewu, mudzadziwa bwanji? Injini ya dizilo sikhululuka. Ikatentha kamodzi kokha, mwaika maliro."

Pomvera chisoni waimvi mnzawo, a Magalasi anatenga kabelu kakang'ono kolira injini ikatenthetsa m'dirowa, n'kukamangirira kunsi kwa dashibodi, n'kukalumikiza ku injini ndi waya wofiira. A Ndafika anaima pomwepo, ntchito yonse akuiona ndi maso awo.

"Aka ndi mlonda wanu mpaka mutapeza ya pampu," anatero a Magalasi. "Kakalira, imani pomwepo, ngakhale muli pakati pa msewu. Zimitsani injini, mundiimbire."

A Ndafika anathokoza mpaka kuwerama. Koma potuluka pageti, chiwongolero chinangokhotera chokha kuseri kwa msika.

"Madzi akumachepa, alamu," anatero atafika, osatchula amene waona vutolo, osatchulanso za pampu.

Alamu anaseka. "Zimenezo? Zachibwana!" Anakagula kapaketi ka mankhwala aufa omata podontha, n'kukhuthulira mu redieta, mosungira madzi oziziritsa injini. Kudontha kunasiya tsiku lomwelo, ndipo mtima wa a Ndafika unakhala pansi. Ndalama imene anayamba kusungira pampu inapita ku matayala akutsogolo, amene anali atadyeka mpaka mawaya kuonekera, yotsala inapita ku fizi ya ana. Za pampu zinasanduka za mawa, ndipo mawa lake silinkafika.

Patapita miyezi, batire linayamba kugona. Madzulo galimoto ili bwinobwino, m'mawa kiyi kumupotoza, zii. Aneba nawo anali atatopa, ena n'kumangokhala chete m'nyumba ngati mulibe anthu. M'mawa wina buledi anafika m'magolosale ana atapita kale kusukulu, m'mawa winanso chimodzimodzi. Mayi wa bekale uja anawaitanira m'kaofesi kake kothinana ndi matumba a fulawa.

"Bambo, ine ndimakulemekezani, ndinu msinkhu wa bambo anga. Koma buledi wa masana amagula ndani? Pali mnyamata wina ali ndi vani yatsopanoko, tsiku ndi tsiku akubwera kudzapempha njira yanuyi. Mukachedwanso, musadzanene kuti ndine woipa mtima."

"Sizichitikanso, mayi. Zatheka kale zimenezo."

Pochoka pamenepo analunjika kwa alamu. Alamuwo analowa chagada kunsi kwa dashibodi, kufunafuna chimene chikuba moto wa batire. Posakhalitsa anatulutsa mutu, atagwira waya wofiira uja ndi zala ziwiri.

"Alamu, uyu ndi waya wa chiyani? Si wa kufakitale ameneyu, ndipo kamangidwe aka si kanga. Alipo wina amene akugwira galimoto ino?"

Pamalopo panali anthu. Wowotcherera uja anali atazimitsa makina ake, womata matayala nayenso atatchera khutu. Mawu oona anali pafupi, afupiafupi, osafuna sukulu. Koma a Ndafika anayang'ana nkhope ya alamu awo, munthu amene anawagwirira ntchito ya sopo nthawi yonseyi, akunyadira pamaso pa anthu omwewa.

"Kaya, alamu. Ndinaigula ili choncho."

"Ndiye wakuba moto ndi ameneyu." Pulayala inangoti khwa! Alamu anazula waya yense pamodzi ndi kabelu kake, n'kuponya m'chitini chija. A Ndafika anamva kugwa kwake pamabawuti, ndipo anayang'ana kumbali.

Chopweteka n'chakuti kabeluko sikanalakwe kanthu. M'mawa mwake vani inakananso, ndipo zinadziwika kuti batire ndilo linali litatha ntchito basi. Anagula lina, akudandaula chamumtima.

Tsopano munthu anagwira njakata. Kupempha alamu kuti abwezeretse kabelu kunali kuulula kuti anawanamiza pagulu. Kupita kwa a Magalasi kunali kukadzionetsa okha kuti galimoto yagwiridwa ndi manja ena. Ndiye anaganiza zokhala mlonda iwo eni. M'mawa uliwonse ankatukula mpando, pakuti injini ya vani yotereyi imakhala kunsi kwa mpando, n'kusuzumira madzi. Madzi anali odzaza. Mawa lake, odzaza. Koma munthu amatopa kuyang'ana chinthu chosasintha, makamaka pamene nthawi ikumuthamangitsa. Anayamba kudumphitsa masiku, kenako analekeratu. Ngakhale kugalaja kokasinthitsa oyilo analeka kupitako, poopa maso a pamwamba pa magalasi aja.

Mayi a kunyumba anaona kuti chilipo. "Kodi bambo, mwayamba kudya ngati mlendo bwanji? Vani ili bwino?"

"Ili bwino kwambiri, mayi. Ndangotopa."

Kutopako sikunali kwabodza.

Tsiku latsoka linali Loweruka la kumapeto kwa mwezi, pamene magolosale amaitanitsa buledi wochuluka. Makileti a buledi anadzaza mpaka kudenga. Panjira yawo panali chitunda chachitali chimene ngakhale galimoto zathanzi zimakwera zikubuula. Ali pakati pa chitundacho, anamva mpando ukufunda kuposa masiku onse, ndi kafungo ngati ka poto wopserera. Anayang'ana kasingano kakufa kaja. Anatchera khutu mwachizolowezi, kudikira kabelu kamene kanali m'chitini kuseri kwa msika. M'malo mwake inalira ndi foni. Anali mayi wa bekale, kunena kuti a magolosale ayamba kufunsa.

"Ndafika, mayi, ndafika!" anatero, n'kuponda mafuta.

Mankhwala aufa aja anali atagonja, madzi onse atathera mumsewu. Injini inayamba kugogoda, mphamvu inatha, kenako inangoti zii. Nthunzi inatuluka kunsi kwa mpando n'kudzaza m'galimoto monse. A Ndafika anakoka handibuleki, n'kupotoza kiyi. Injini sinatembenuke n'komwe. Anatuluka, naika mwala kutayala.

Mantha anawachotsa manyazi, ndipo anaimbira a Magalasi. Kenako anaimbira akazi awo kuwauza kuti zavuta. Mayiwo, posadziwa kanthu, anachita chimene mlongo aliyense akanachita. Anaimbira achimwene awo.

Anafika pafupifupi nthawi imodzi, a Magalasi pa galimoto yokokera zinzake, alamu pa njinga yamoto atakweza mlongo wawo kumbuyo. Amakaniko awiriwo anapatsana moni waulemu, aliyense akudabwa kuti mnzakeyo wadzatani.

A Magalasi anatukula mpando ndi chisanza. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndipo oyiloyo anali atasanduka ngati tiyi wamkaka. Anakhudza zouma zimene zinakakamira kukamwa kwa redieta, n'kununkhiza chala. Kenako anawerama kunsi kwa dashibodi, ndipo anakhalitsa kumeneko.

"Kabelu kanga kali kuti?"

A Ndafika asanayankhe, alamu analowerera.

"Kabelu kanu?" anafunsa alamu. "Ka waya wofiira? Ndinazula ndine. Eni akewa anandiuza kuti anaigula ili choncho."

"Ndiye ndinunso munathira phala mu redietamu, pampu ili yakufa?"

"Pampu? Za pampu ndikuzimva lero kwa inu. Ine anangoti madzi akumachepa."

Onse awiri anatembenukira a Ndafika. Panalibe wokalipa, ndipo bola akanakalipa.

"Bambo," anatero a Magalasi motopa, akuvula magalasi awo, "mukanabwera kudzandiuza za wayayo, ndikanakukalipirani, inde, koma ndikanalumikiza wina tiyi wanu asanazizire, ulere. Pano gasiketi yapsa, mutu wa injini wapindika, mapisitoni agwira. Apa palibe chokonza. Ifunika injini ina, ndipo mtengo wake ukuyandikira umene munagulira galimoto yonseyi. Ndikukokerani mpaka pakhomo panu. Kugalaja kwanga ayi."

Alamu sanayang'ane a Ndafika n'komwe. Analankhula ndi mlongo wawo.

"Chemwali, ine ndine wosauka, koma si wamisala. Akanandiuza kuti pampu yafa, akanangogula chitsulocho, ine n'kumanga popanda ngakhale sopo. Akananena kuti kabelu n'ka mnzangayu, ndikanakasiya pomwepo. Galimoto ya ana ako ndapha ndine ndi manja angawa, chifukwa amuna ako anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti kaya." Anakwera njinga yawo n'kumapita, osatsanzika.

Mayi a kunyumba anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, dzanja lili patsaya. Patapita nthawi anafunsa motsitsa, "Inu bambo, mizere ya dizilo ija inali imeneyi?"

Dzuwa litakwera, inafika vani yoyera ya mnyamata uja, itatumidwa ndi mayi wa bekale. A Ndafika anathandiza okha kusamutsa makileti, buledi atazizira kale. Mnyamatayo anali waulemu, ankangoti, "Pepani, madala," kileti iliyonse akalandira. Mayi wa bekale sanaimbenso foni. Zonena ananena kale m'kaofesi muja.

Vani anaikokera pakhomo n'kuisiya pambali pa bafa. Alamu analeka kubwera kudzacheza Lamulungu, ndipo mayi a kunyumba akafuna kuona achimwene awo ankapita okha, n'kubwera maso ali ofiira. Tsiku lina anabwerako ndi kaphukusi ka pepala, n'kukaika patebulo. Munali kabelu kaja, waya wake atakulungidwa bwinobwino. A Ndafika anatuluka nako panja, n'kukhudzitsa wayayo ku batire latsopano lija. Kanalira mokweza bwino lomwe, mpaka aneba kusuzumira pampanda. Anakachotsa msanga n'kukhala pachitseko cha vani, mutu uli pansi.

Batirelo linagulitsidwa, matayala akutsogolo aja nawonso, vani n'kutsala itakhala panjerwa. Aneba anayambanso kutchera mawotchi. Koma pakhomo pali ana sipamva zoti bambo analumbira chiyani. Mnyamata wa vani yoyera, ntchito itamuchulukira, anafuna dalaivala wodziwa magolosale onse, ndipo anabwera yekha kudzawapeza atakhala pakhonde.

"Madala, njira ija mumaidziwa ndinu. Malipiro ake si ambiri, koma ndi a mwezi ndi mwezi. Kiyi nayu."

A Ndafika anayang'ana kiyiyo nthawi yaitali. Anayang'ananso akazi awo, amene anaima pakhomo akupukuta mbale youma kale. Kenako anatambasula manja onse awiri n'kulandira.

Masiku ano mumawaona akudutsa m'mawa pa vani ya eni ake, buledi akufika nthawi yake, ndipo sayang'ana kumbali podutsa msewu wa kugalaja kapena wa kuseri kwa msika. Kulikonse mwa malo awiriwa akanabisala mvula bwinobwino. Kwa a Magalasi akanalira ndi mtengo, koma injini ikanakhala moyo. Kwa alamu akanachita manyazi tsiku limodzi, koma pampu ikanamangidwa. Iwo anathera nyengo yonse akuthamanga pakati, uku akubisa, uku akubisa, mpaka mvula inawapeza pamtetete. Akulu akale sananame pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.